Buku Likacoka M'manja: Mbiri ya Kugawana Mabuku Akale ndi Anthu Osawadziwa

Pa misika ya ku Ulongwe, ku Tete ndi ku Lichinga, mulu wa zovala zimene ena anavalapo kale si cinthu cacilendo. Kuno amazichula kuti kalamidadi, ku Malawi amati kaunjika, ku Zambia amati salaula. Malaya ogulidwa ku Toronto amatha kufika pa thupi la mwana wa ku Angónia, ndipo ngati msinkhu wagwirizana, nkhani yatha. Mabuku nawonso ali ndi kaunjika wawo. Kwa zaka zoposa 80 anthu akhala akutolera mabuku owerengedwa kale ndi kuwapereka kwa anthu amene sanawaonepo nkhope: asilikali, ana a pa zilumba, kapena aliyense wodutsa pa msewu. Koma buku limasiyana ndi malaya. Kuti limukwane munthu, liyenera kukhala m'cinenero cimene iye amamva. Mbiri ya mcitidwewu ikuonetsa kuti opereka mabuku anacedwa kuiona mfundo imeneyi, pamene ndi yomweyo imene aphunzitsi a makalasi a Cinyanja ndi Cipwitikizi amakumana nayo tsiku ndi tsiku.

Nthawi imene buku linali pa unyolo

M'chalichi cacikulu ca mumzinda wa Hereford, ku England, muli cipinda cosungira mabuku pafupifupi 1,500, ndipo ambiri mwa iwo mpaka lero ndi omangidwa ndi unyolo. Mbali imodzi ya unyolo inakhomedwa pa cikuto ca buku, mbali ina pa mtanda wacitsulo wa pa shelefu. Wofuna kuwerenga ankatsitsira bukulo pa desiki ya pomwepo, n'kuwerenga, n'kulibweza. Kutuluka nalo kunali kosatheka. Amene anakonza zimenezi sanali anthu oumira. Buku lokopedwa pamanja linkadya miyezi yambiri ya mlembi ndi zikopa za nyama zambiri, ndipo ngakhale makina osindikizira atayamba nchito ku Ulaya ca m'ma 1450, buku linakhalabe cuma ca anthu ocepa kwa zaka mazana angapo. Munthu sasiya ng'ombe yake pa mphambano kuti wodutsa aikuse.

Zinthu zinasintha pamene mtengo wa buku unagwa. Mu 1814 nyuzipepala ya The Times ya ku London inayamba kusindikizidwa ndi makina oyendera nthunzi. M'zaka zotsatira mapepala anayamba kupangidwa kucokera ku mitengo m'malo mwa nsanza, ndipo maiko ambiri a ku Ulaya ndi ku America anakhazikitsa malamulo oti mwana aliyense apite ku sukulu. Owerenga anaculuka, mabuku anachipa. Mu Julaye 1935 Allen Lane anatulutsa mabuku 10 oyamba a Penguin, a cikuto ca pepala, pa mtengo wa mapeni 6, wofanana ndi wa paketi ya ndudu. Buku la mtengo wotero munthu ankatha kuliwerenga m'sitima n'kulisiya pa mpando, mtima osapweteka.

Pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, mu 1942, oyang'anira malaibulale ku United States pamodzi ndi a Red Cross anapempha anthu kuti apereke mabuku a m'nyumba zawo kuti atumizidwe kwa asilikali. Dzina la nchitoyi linali Victory Book Campaign, ndipo mabuku anasonkhedwa mamiliyoni. Koma osankha atatsegula makatoni anapeza kuti gawo lalikulu silikanamuthandiza msilikali. Ena anali akale kwambiri, ena ong'ambika, ena olemera moti sakanalowa m'cikwama, ena a nkhani zosamukhudza n'komwe. Anthu ambiri anapereka zimene ankafuna kutaya. Njira imene inapezeka inali yosindikiza mabuku atsopano ang'onoang'ono okwana m'thumba la yunifolomu, a Armed Services Editions, oposa mamiliyoni 120 pakati pa 1943 ndi 1947. Amenewa asilikali ankapatsirana mpaka masamba kuthothoka, buku limodzi kudutsa m'manja mwa anthu osadziwana. Funso limene linabuka pamenepo likadalipo: kodi buku loperekedwa lasankhidwa poganizira wolandira, kapena pofuna kupeza malo m'nyumba ya wopereka?

Mabuku awoloka nyanja

Nkhondo itatha, mcitidwewu unatembenukira ku maiko amene anali pansi pa atsamunda. Mu 1954 Hermione Ranfurly, mkazi wa bwanamkubwa wa Britain ku Bahamas, anaona kuti ana a pa zilumba zakutali ndi Nassau akuphunzira kuwerenga koma alibe coti awerenge. Anayamba kupempha mabuku kwa anzake n'kumawatumiza ku zilumbazo m'mabokosi. Atabwerera ku Britain anaikulitsa nchitoyo kufikira maiko ena, ndipo mu 1994 bungwe lake, Ranfurly Library Service, linasintha dzina kukhala Book Aid International. Mu 1988 Tom Warth wa ku Minnesota, atalowa m'laibulale ya ku Jinja ku Uganda n'kupeza mashelefu ali pafupifupi opanda kanthu, anayambitsa Books For Africa, bungwe limene latumiza mamiliyoni a mabuku m'makontena ku maiko a mu Afrika.

Zoti mabuku oterewa anasintha miyoyo ya ena n'zosakanika. Citsanzo ca pafupi ndi ca William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu ku Malawi, amene cinenero ca makolo ake ndi comweci. Njala ya 2001 ndi 2002 itamucotsa ku sekondale cifukwa cosowa fizi, ankapita ku kalaibulale ka pa pulayimale ya kwawo, kamene kanali ndi mabuku ocokera ku America. Kumeneko anapeza buku la sayansi, Using Energy, lokhala ndi cithunzi ca makina oyendera mphepo pa cikuto, ndipo ali ndi zaka 14 anamanga makina ake opanga magetsi ndi zitsulo zotola. Amene analemba bukulo sanamudziwe mnyamatayo, amene analitumiza sanamudziwenso.

Koma nkhani ya Kamkwamba ili ndi mbali imene kawirikawiri siichulidwa. Iye mwini anafotokoza kuti Cingelezi cake cinali cocepa, moti ankadalira zojambula za m'bukumo, n'kumafufuza matanthauzo a mawu amodziamodzi. Anapambana cifukwa ca khama lake lalikulu, komanso cifukwa buku la magetsi lili ndi zithunzi zoonetsa waya wapita kuti. Buku la nthano kapena la mbiri ya munthu silikanamutsegukira motero. Pambali pa mwana mmodzi wotere pali ana ambiri amene anatsegula buku la cinenero cacilendo, n'kuyang'ana zithunzi, n'kulitseka. Ku Mozambiki vutoli limakula, pakuti mabungwe aakulu otumiza mabuku ali m'maiko olankhula Cingelezi, sukulu za kuno zimadalira Cipwitikizi, ndipo mwana wa kumudzi amafika ku kalasi yoyamba akulankhula Cinyanja, Cinyungwe, Ciyao kapena cinenero cina ca makolo ake. Mabungwe ena anatolapo phunziro. Lero bungwe la Book Aid International sililandiranso mabuku owerengedwa kale. Limatumiza atsopano operekedwa ndi makampani osindikiza, osankhidwa molingana ndi zimene malaibulale olandira apempha, ndipo m'mapulogalamu ena limapereka ndalama zogulira mabuku osindikizidwa m'dziko lomwelo.

Kabati yopanda loko

Njira ina inabadwa m'mizinda momwemo, yosafuna kontena kapena sitima ya pamadzi. Mu 1991 amisiri awiri a zaluso, Michael Clegg ndi Martin Guttmann, anaimika makabati a mabuku panja, m'madera a mzinda wa Graz ku Austria, opanda loko ndi opanda mlonda. Aliyense anali ndi ufulu wotenga buku, kulibweza, kapena kuikamo lake. Anabwereza zomwezo ku Hamburg ndi ku Mainz, ndipo lero makabati otere ali m'misewu ya mizinda yambiri ya ku Germany, Austria ndi Switzerland, ena okonzedwa m'tinyumba takale ta telefoni.

Ku Bogotá, likulu la Colombia, nkhani inayambira m'zinyalala. José Alberto Gutiérrez ankayendetsa galimoto yotola zinyalala usiku m'madera a anthu olemera. Mu 1997 anatola buku la Leo Tolstoy, Anna Karenina, limene wina anataya, ndipo kuyambira pamenepo sanalekenso kutola. Nyumba yake, m'dera la anthu osauka kum'mwera kwa mzindawo, inadzaza ndi mabuku oposa 20,000. Mkazi wake ankakonza ong'ambika, ana a m'deralo ankabwera kudzawerenga ndi kulemba nchito ya kusukulu. Laibulaleyo anaipatsa dzina lakuti La Fuerza de las Palabras, kutanthauza mphamvu ya mawu. Mabukuwo anayenda makilomita ocepa cabe, kucoka mbali ina ya mzinda kupita mbali ina, ndipo wotaya ndi wotola onse ankalankhula Cisipanishi.

Mu Epulo 2001 Ron Hornbaker, katswiri wa makompyuta wa ku United States, anawonjezera cinthu cimodzi: kutsatira ulendo wa buku. Nzeruyi anaitengera kwa anthu amene ankatsatira ndalama za pepala za dola pogwiritsa nchito manambala ake. Mu BookCrossing, mwini buku amalilembetsa pa intaneti ndipo limapatsidwa nambala yakeyake. Nambalayo imalembedwa mkati mwa cikuto pamodzi ndi mawu ouza wolitola kuti bukuli silinatayike, ndi laulere, aliwerenge n'kulipereka kwa wina. Kenako limasiyidwa pa mpando wa basi, m'lesitilanti kapena pa siteshoni. Wolipeza akafuna amakalemba nambala ija n'kunena kumene walipeza ndi zimene waganiza atawerenga. Mcitidwewu unafala msanga moti mu 2004 mawu akuti bookcrossing analowa mu dikishonale ya Concise Oxford. Komabe mabuku ambiri osiyidwa motere samvekanso. Ena amanyowa ndi mvula, ena amasesedwa, ena amawerengedwa ndi anthu amene salemba kanthu. Osiya mabuku amazidziwa zimenezi ndipo amasiyabe, cifukwa kunyumba ali ndi ena.

Mu 2009 Todd Bol wa ku Hudson, m'cigawo ca Wisconsin, anapala kabokosi ka matabwa kooneka ngati sukulu ya cipinda cimodzi, pokumbukira mayi wake amene anali mphunzitsi. Anakaimika pa mtengo kutsogolo kwa nyumba yake n'kudzazamo mabuku, lamulo lake n'kukhala limodzi: tenga buku, siya buku. Kumeneko ndiko kunacokera Little Free Library, imene pofika mu 2020 inali ndi timabokosi tolembetsedwa 100,000 m'maiko oposa 100. Koma mu 2017 ofufuza awiri a ku Canada, Jane Schmidt ndi Jordan Hale, ataika timabokosi ta ku Toronto ndi ku Calgary pa mapu, anapeza kuti tambiri tili m'madera a anthu opeza bwino ndi ophunzira, kumene malaibulale a boma alipo kale. Madzi anatsikira kudambo.

Kuyambira ku Graz mpaka ku Hudson, zinthu zitatu ndi zimene zinacititsa kuti mcitidwewu utheke: mabuku otsala amene mwini wake sawaumirira, kukhulupirirana kokwanira kusiya kabati yosatseka, ndi cinenero cimodzi pakati pa wosiya ndi wotola. Ziwiri zoyambazo zinakambidwa kwambiri. Cacitatu cinalibe wocichula, pakuti m'mizinda imeneyo cinalipo kale.

Mwana amene sanathe kuchula dzina la kwawo

Mabuku amene amapezeka kwambiri m'makabati ndi m'timabokosi timeneti ndi aja osindikizidwa ambirimbiri, amene munthu amawawerenga kamodzi: nthano zazitali, nkhani za apolisi, ndi mabuku amene munthu amasimbamo za moyo wake. A mtundu wotsirizawu amayenda msanga. Wowerenga akamaliza safuna kubwereza, koma amafuna kuti wina aimve nkhaniyo. Limodzi mwa mabuku otere ndi A Long Way Home la Saroo Brierley, limene linatuluka ku Australia mu 2013. Filimu yake, Lion, itatuluka mu 2016, bukulo linasindikizidwanso ndi dzina la filimuyo ndipo linamasuliridwa m'zinenero zambiri. Ndi loyenera kuliona mwapadera pano, cifukwa limasimba za mwana woleredwa ndi anthu osamudziwa, ndipo pakati pa nkhani yake pali cinenero.

Saroo anabadwira m'banja losauka ku Khandwa, m'cigawo ca Madhya Pradesh ku India. Mu 1986, ali ndi zaka 5, anatsagana ndi mkulu wake Guddu pa sitima kupita ku siteshoni ya Burhanpur. Atatopa anagona pa mpando wa pa siteshoni, ndipo podzuka mkulu wake panalibe. Analowa m'sitima imene inaima pomwepo poganiza kuti Guddu ali momwemo, tulo tinamugwiranso, ndipo sitimayo inakamutula ku Calcutta, mtunda wa makilomita pafupifupi 1,500. Kumeneko cinenero cacikulu ndi Cibengali, pamene iye ankalankhula Cihindi. Anali asanalowe sukulu. Kulemba sankadziwa, ndipo dzina la dera la kwawo, Ganesh Talai, ankalichula mwacibwana, kotero kuti apolisi ndi ogwira nchito m'nyumba yosungira ana sanalipeze pa mapu. Atalengeza m'nyuzipepala popanda wobwera kudzamutenga, anamuwerengera kuti ndi mwana wopanda abale. Mu 1987 Sue ndi John Brierley a ku Hobart, pa cilumba ca Tasmania, anamutenga mwalamulo kukhala mwana wawo.

Anakula bwino, akudya ndi kuphunzira, ndipo bukulo silibisa cikondi cake pa makolo omulera. Mayi wake womulera anamata mapu a India pa khoma la cipinda cake. Koma Cihindi cinatha m'kamwa mwake pang'onopang'ono, Cingelezi n'kulowa m'malo. Zimene zinatsala ndi zithunzi za m'mutu: thanki ya madzi pafupi ndi siteshoni, mlatho, damu la pa mtsinje. Atakula anakhala zaka zingapo akutsata njanji zocoka ku Calcutta pa Google Earth, mpaka mu 2011 anaona siteshoni yokhala ndi thanki ija. Mu Febuluwale 2012 anafika ku Khandwa n'kukumana ndi mayi wake womubala, patapita zaka 25. Anamva kuti Guddu anagundidwa ndi sitima n'kumwalira pa ulendo womwe uja. Anamvanso kuti dzina lake lenileni ndi Sheru, kutanthauza mkango, ndiye kuti ngakhale dzina lake lomwe ankalichula molakwa. Mayi ndi mwana anazindikirana, koma kuti akambirane panafunika womasulira.

Kwa wowerenga wa ku Angónia kapena ku Lago, kulera kotereku n'kwacilendo. M'midzi ya kuno mwana akataya makolo amapita kwa amalume kapena kwa agogo, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo amasunga dzina lake, ciwongo cake ndi cinenero cake. Koma kusocera kwa mwana si kwacilendo. Pa nkhondo imene inatha mu 1992, anthu pafupifupi miliyoni imodzi anathawira ku Malawi, ana ambiri anasiyana ndi abale awo pa njira, ndipo owafufuzira makolo ankadalira cithunzi ca mwanayo ndi maina amene iye ankakumbukira: la bambo, la mayi, la mfumu, la mudzi. Mphunzitsi wa kalasi yoyamba akawerenga za Saroo amaona kulemera kwa phunziro limene limaoneka laling'ono, loti mwana achule ndi kulemba bwino dzina lake ndi la mudzi wake m'cinenero ca kwawo.

Apa ndi pamene malire a mabuku a kaunjika amaonekera. Buku limeneli linalembedwa m'Cingelezi, cinenero cimene mayi womubala Saroo sankacilankhula. Litasiyidwa pa mpando wa basi ku Hobart kapena ku London, wina angalitole n'kuliwerenga usiku womwewo. Litasiyidwa pa msika wa ku Ulongwe, pakati pa anthu amene nkhani yake ingawakhudze kuposa ena onse, likhoza kukathera kwa wogulitsa mtedza, masamba ake n'kukhala zokulungira.

Kaunjika wa Cinyanja ali kuti?

Cinyanja cili ndi mbiri yake ya mabuku oyenda m'manja. Pa nthawi ya atsamunda sukulu za ku Mozambiki zinkaphunzitsa m'Cipwitikizi, zinenero za eni dziko zikuloledwa makamaka pa ciphunzitso ca chalichi. Conco ambiri amene anadziwa kuwerenga Cinyanja anadziwira pa Buku Lopatulika, limene linatuluka mu 1922, pa mabuku a nyimbo ndi pa katekisimu, ndipo ambiri mwa mabuku amenewa ankacokera tsidya la malire. Dziko litalandira ufulu mu 1975, Cipwitikizi cinakhalabe cinenero ca sukulu. Cinyanja cinalowa m'kalasi ya boma kudzera mu PEBIMO, nchito yoyesera imene INDE inayendetsa kuyambira mu 1993 mpaka mu 1997, ku Tete m'Cinyanja ndi ku Gaza m'Cicangana. Mu 2003 maphunziro a zinenero ziwiri anayamba m'sukulu zosankhidwa m'zinenero 16, ndipo malamulo aakulu a dziko a 2004, m'ndime 9, amanena kuti boma limalemekeza zinenero za dziko ngati cuma ca cikhalidwe ndi ca maphunziro.

Ofufuza amene analowa m'makalasi amenewa, monga Feliciano Chimbutane amene buku lake linatuluka mu 2011, anapeza ana akulankhula momasuka ndi kufunsa mafunso, koma anapezanso kusowa kwa mabuku a m'zinenero za kwawo. Mwana amaphunzira kuwerenga Cinyanja, koma akamaliza buku la kalasi nthawi zambiri sapeza laciwiri. Ndi vuto lomwe lija la ana a ku Bahamas mu 1954, kusiyana kwake n'kwakuti kulibe dziko lina lolemera limene nyumba zake zadzaza ndi mabuku a Cinyanja ofuna kutaya. Mwa zinthu zitatu zija, kuno cinenero cimodzi cilipo, kukhulupirirana kulipo, cosowa ndi mabuku otsala.

N'cifukwa cake mabuku ocepa akafika pa sukulu, mtima umakokera ku kabati ya mu ofesi ya mkulu wa sukulu, kiyi n'kulowa m'thumba. Maganizo ake ndi omwe aja a ku Hereford, ndipo si opusa: sukulu yokhala ndi mabuku 10 a nthano singawasiye pa mphambano monga amacitira a BookCrossing. Koma ku Hereford buku la pa unyolo linali ndi desiki pambali pake ndipo linkawerengedwa. Buku lotsekeredwa m'kabati limadyedwa ndi ciswe lisanaonane ndi mwana. Komanso sukulu za kuno zimaudziwa kale mcitidwe wopatsirana, pakuti mabuku aulere a boma a makalasi akuluakulu amabwezedwa caka cikatha kuti alandiridwe ndi ana ena. Mwana aliyense wolandira buku lotero akuwerenga buku la munthu amene mwina samudziwa.

Zimene mbiri ya kwina ingathandize nazo ndi zocepa koma zogwirika. Gutiérrez wa ku Bogotá sanadikire kontena, anatola pafupi ndiponso m'cinenero ca ana a m'dera lake. M'mabokosi a aphunzitsi opuma nchito, a akuluakulu a mipingo ndi a mabanja amene anabwerera kucokera ku Malawi mukhoza kupezeka mabuku a Cicewa ndi Cinyanja osindikizidwa ku Malawi ndi ku Zambia, monga Nthondo la Samuel Josia Nthara la mu 1933, kapena Sikusinja ndi Gwenembe la John Gwengwe. Kalembedwe kake kamasiyana pang'ono ndi kamene akatswiri a kuno akhala akugwirizana kuyambira pa msonkhano wa 1988: a ku Malawi amalemba ch pamene mabuku a sukulu za kuno amalemba c, ndi tch pamene a kuno amalemba ch. Mwana woti wauzidwa kamodzi sapunthwanso pamenepo. Phunziro la 1942 nalonso likugwira nchito: buku lililonse loperekedwa liyambe lawerengedwa ndi mphunzitsi, kuti aone ngati likuyenera msinkhu wa ana ake.

Bwalo la kugawana silifunika kukhala dziko lonse. Sukulu za mu ZIP imodzi zimakumana kale pa nkhani za maphunziro, ndipo bokosi limodzi la mabuku likhoza kumayenda pakati pawo mwezi ndi mwezi. Mlendo wolandira buku akhale mwana wa sukulu ya kutsidya kwa mtsinje. Mabuku ena adzatayika, ena adzang'ambika, monga zinacitikira kulikonse kumene loko anacotsedwa. Akale anati kupatsa n'kuika, ndipo bokosi lopita kwa anzako limabwera ndi mabuku awo.

Mabuku otsala sangabwere okha, afunika kulembedwa. Nkhani zofanana ndi ya Saroo zili m'midzi yambiri ya ku Tete ndi ku Niassa: za ana oleredwa ndi amalume, za obadwira ku ukapolo wa nkhondo ndi m'misasa ya othawa kwawo, za amene anabwerera n'kupeza mudzi wasamuka. Eni ake akavomera kuzisimba, mphunzitsi ndi ana ake angazilembe pa masamba ocepa, n'kusoka ndi ulusi, n'kuika cikuto ca katoni. Kabuku kotero kali m'cinenero coyenera kuyambira tsiku loyamba, ndipo kakatayika kangalembedwenso.

Nambala ya BookCrossing nayonso siifuna intaneti kuti igwire nchito. Pepala limodzi lomatidwa mkati mwa cikuto ca kumbuyo ndi lokwanira. Aliyense womaliza kuwerenga alembepo dzina lake, dzina la mudzi wake, ndi ciganizo cimodzi m'Cinyanja conena zimene wakonda kapena zimene zamukwiyitsa. Kwa mphunzitsi, pepalalo limasonyeza mabuku amene akuwerengedwa ndi amene akungogona m'bokosi. Mwana wa sukulu yotsatira akadzatsegula bukulo adzayamba wawerenga maina a midzi imene ladutsamo, kenako adzatenga pensulo n'kulemba wa kwawo.